Kodi timabwerezeranji filimu yonse pofuna gawo limodzi lokha?

Nachisale

Ndikupempha maganizo anu, inu okonda mafilimu, pa chizolowezi chimene ndili nacho, chomwe ndikukhulupirira kuti ambiri tili nacho. Pali mafilimu ena amene ndimawabwereza kawirikawiri ngakhale kuti nkhani yake ndimaidziwa kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, ndipo chimene chimandikoka ndi gawo limodzi lokha la mphindi zochepa. Chitsanzo changa ndi filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene inatuluka mu 2019, yofotokoza mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Gawo limene ndimalidikira lili chakumapeto, pamene makina oyendera mphepo aja ayamba kuzungulira, pampu n'kuyamba kukoka madzi pachitsime, madziwo n'kulowa m'munda wouma anthu a m'mudzi akuonerera.

Achemwali anga amadabwa nane. Iwo amati ngati chimene ndikufuna ndi madziwo, ndingokoka chala pafoni n'kukafika pomwepo, m'malo motaya pafupifupi maola awiri ndikuonera njala ndi maliro zimene zimandisautsa mtima nthawi iliyonse. Malangizo awowo ndinawayesa, koma ndikadumphira pagawolo madzi amatuluka ndithu, anthu amasangalala ndithu, ine osamva kanthu mumtima. Ndikaiyamba filimuyo pachiyambi, ndimafika pamenepo misozi ili m'maso.

Tsono funso langa lili pawiri. Kodi gawo lokondedwa limataya bwanji mphamvu yake likachotsedwa mufilimu yake? Nanga alipo magawo ena amene munthu angawaonere paokha osataya kanthu?

Mphunzitsi Wopuma

Mayi Nachisale, zimene mwakumana nazozo zili ndi chifukwa chake, ndipo okonza mafilimu anachizindikira kalekale. Zaka zoposa 100 zapitazo, katswiri wina wa mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga chithunzi cha nkhope ya wosewera wotchuka, Ivan Mosjoukine, nkhope yongoti phee yosaonetsa chisoni kapena chimwemwe, n'kuilumikiza ndi zithunzi zitatu zosiyana: mbale ya msuzi, mtsikana wogonekedwa m'bokosi la maliro, ndi mayi wotsamira pasofa. Oonera anamutama wosewerayo kuti waonetsa njala poona msuzi, chisoni poona maliro, ndi chilakolako poona mayiyo, chonsecho nkhope inali imodzimodzi yomweyo. Zimenezi zinaonetsa kuti chithunzi cha mufilimu chimatenga tanthauzo lake kuchokera ku zithunzi zimene chagundizana nazo, ndipo zimene zimachitika pakati pa zithunzi ziwiri zimachitikanso pakati pa gawo limodzi ndi filimu yonse.

Taganizirani zimene mumakhala mutaona musanafike pachitsime paja. Mumakhala mutaona William akuthamangitsidwa kusukulu chifukwa chosowa fizi, mbewu zikuwonongeka, anthu akukankhana polimbirana chimanga chogula, banja likudya kamodzi patsiku, mlongo wake atachoka pakhomo kuti odya achepe, ndi galu wake atafa ndi njala. Koposa zonsezi mumakhala mutaona bambo ake, amene mbali yawo anaisewera Chiwetel Ejiofor, yemwenso anatsogolera filimuyo, akukana mwaukali kupereka njinga yawo kuti iduliridwe ntchito imene iwo ankaiona ngati masewera a mwana. Madzi otuluka m'paipi mumawaona tsiku ndi tsiku pamjigo ndipo simulira. Amene amakulizani ndi madzi odza pambuyo pa zonse zija, ndipo mukadumpha mumafika pachitsime mutasiya m'mbuyo katundu yense amene madziwo amayenera kukutulani.

Palinso mfundo ina imene imandisonyeza kuti gawoli linakonzedwa dala kuti liyankhe zimene zili m'mbuyo mwake. M'moyo weniweni, makina oyamba amene Kamkwamba anamanga ali mnyamata wa zaka pafupifupi 14 ankayatsa mababu ndi wailesi panyumba pawo, ndipo zothirira munda zinabwera pambuyo pake. M'maganizo mwanga, okonza filimu anaika madzi kumapeto chifukwa babu loyaka silikanakwanira kuyankha njala imene oonera aipirira nthawi yaitali chotere.

Kudziwa mathero sikuchepetsa kanthu. Ana akamapempha agogo nthano imene anaimva kale, amakhala akudikira nyimbo imene ili pakati pa nthanoyo, koma agogo akati angoyamba ndi nyimboyo, ana omwewo amakana n'kunena kuti ayambire pa "padangokhala". Inunso mukamabwereza filimu yonse simukutaya nthawi, chifukwa kudikirako ndi mbali ya chimene mwabwerera.

Mbewe wa ku Ndirande

Bambo Mphunzitsi, mwafotokoza momveka, koma mundilole nditsutsane nanu pa funso lachiwiri la mayiwa, chifukwa si mafilimu onse amene amamangidwa mwa njira imeneyo. Ife tinakulira m'mavidiyo sho nthawi imene dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake, popeza Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Kanyumba kankakhala ka mabenchi, mazenera otchingidwa ndi masaka, kanema ali pamwamba m'bokosi lamatabwa ndipo deki yoikamo matepi ili pafupi ndi mwini malo. Anthu ankalipira pakhomo kuti aonere filimu imene anaionera dzulo lake, ndipo ambiri a ife zolankhula za mufilimu sitinkazitsata n'komwe, chifukwa chinenero chinali chachilendo ndipo sipika inkangolira phokoso lokhalokha.

Filimu imene ndimaikumbukira kwambiri ndi The Way of the Dragon ya mu 1972, imene Bruce Lee anaitsogolera yekha. Osewera akamakambirana m'lesitilanti ya mufilimuyo, m'nyumba monse munkakhala macheza, ena akukukuta chimanga chootcha, ena akutuluka n'kubwerera. Koma Lee akangokumana ndi Chuck Norris ku Colosseum, bwalo lamakedzana la ku Rome, aliyense ankakhala chete. Awiriwo sayamba n'kumenyana. Amayamba avula malaya, aliyense n'kumadzinyolola payekha mfundo zikulira, kamphaka kakang'ono kakuwayang'ana. Ndewu ikayamba, Norris ndiye amagwetsa Lee pansi, mpaka Lee asintha kamenyedwe n'kuyamba kudumphadumpha ndi zala za kumapazi, mnzakeyo osadziwanso kumene nkhonya ichokere. Potsiriza, atamupha, amatenga malaya a mdani wakeyo ndi lamba wake wakuda n'kumufunditsa mwaulemu. Gawoli likangotha anthu ankakuwa kuti "Bwezani!", ndipo mwini malo, podziwa kuti mawa awafunanso, ankabweza tepi.

Matepi enieniwo ankachitira umboni. Tepi ya VHS imayenda ikukhudza mutu wozungulira wa m'deki, ndipo pamalo pamene yabwezedwa ndi kuimitsidwa kawirikawiri pamaperepeseka, chithunzi n'kumachita mizeremizere ndi kunjenjemera. Munthu ukabwereka tepi yakale unkadziwa gawo limene anzako analikonda poona pamene pawonongeka kwambiri, ndipo zinkawawa kuti malo abwino koposa ndiwo ankaoneka moipa koposa.

Chitsanzo china chimene chimandilimbitsa pa mfundo yangayi ndi Police Story ya mu 1985. Chakumapeto kwake Jackie Chan amalumphira pamzati wachitsulo wokulungidwa ndi mababu oyaka m'kati mwa nyumba yaikulu ya masitolo, n'kutsetsereka kuchokera pamwamba mababu akuphulika, mpaka kukagwera pansi ataswa magalasi. Anapsa m'manja pochita zimenezi. Chochititsa chidwi n'chakuti filimuyo imaonetsa kulumphako katatu motsatizana, kuchokera mbali zosiyana. Chan, yemwe anali wotsogolera filimuyo, anadziwa kuti oonera adzafuna kuonanso, ndipo anawabwezera yekha asanapemphe.

Magawo otere timawabwereza chifukwa cha luso la thupi. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo munthu wothamanga ngati Lee amachita zambiri m'sekondi imodzi kuposa zimene diso lingagwire ulendo woyamba. Ukabwereza umaona chinthu chatsopano ndithu, pamene nkhani ya lesitilanti ija sikuwonjezera kanthu pa zimenezo.

Nangondo

Zimene a Mbewe anena za matepi operepeseka zilipobe lero, kungoti zasintha maonekedwe. Kuyambira mu 2022, YouTube imaonetsa kamzere kokwera ndi kutsika pamwamba pa mzere wa nthawi, ndipo pamene kakwera kwambiri ndi pamene anthu ambiri abwereza. Palinso chifukwa china chobwerezera chimene sichinatchulidwe: m'mafilimu otanthauziridwa m'Chichewa, amene timakopera pamemole khadi m'misika, achinyamata amabwereza gawo chifukwa cha mawu amene wotanthauzira waika m'kamwa mwa wosewera, ndipo mawuwo amawaloweza n'kumanenerana panjira.

Koma nkhawa yanga ili pena. Mayi Nachisale ndi a Mbewe akunena za munthu amene anaionera kale filimu yonse, n'kusankha yekha gawo lomukomera. Ana anga sachita choncho. Chifukwa cha kudula kwa bandulo, komanso chifukwa tizidutswa ta mafilimu timangobwera tokha pa TikTok ndi pa WhatsApp, iwo amayamba n'kuona kachidutswa, ndipo akaipeza filimu yonse amathamangira kumene kamzere kaja kakwera. Gawo limene amalitcha lokondedwa anawasankhira ndi anthu ena, ndipo magawo ofatsa, amene mwina akanawakhudza iwowo paokha, sawaona n'komwe. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa gawo limene ine ndimalikonda m'filimu ya Kamkwamba ija ndi pamene amayi ake a William akulimbana ndi amuna awo pofuna kuti mwana apatsidwe mpata, ndipo sindikhulupirira kuti khamu la anthu likanandilozera pamenepo.

Mphunzitsi Wopuma

Bambo Mbewe, ndikuvomera kuti magawo ena amaima paokha, koma tawerenganinso mmene mwaifotokozera ndewu ya ku Colosseum ija. Mwatiuza za kukonzekera, kugwa kwa ngwazi, kusintha kwa nzeru zake, kupambana, ndi ulemu kwa wogonja. Imeneyo ndi nkhani yathunthu yokhala ndi chiyambi ndi mathero, ndipo n'chifukwa chake munkatha kuitsata osamva liwu limodzi la zolankhula. Gawo la madzi la Mayi Nachisale ndi losiyana, popeza chimene chimachititsa kuti madziwo akhale ofunika sichili m'gawomo, chili m'ola limene lapita.

Choncho malangizo anga kwa inu mayi ndi akuti tsiku limene mulibe maola awiri, musadumphire pachitsime penipenipo, koma muyambire pamene William akupempha njinga kwa bambo ake n'kukanidwa. Kuchokera pamenepo mudzaona mkwiyo wa bambowo, kufewa kwa mtima wawo, ndi kudulidwa kwa njinga, ndipo ndikukhulupirira kuti zimenezi zidzakwanira kukukumbutsani zina zonse. Njirayi imathandiza okhawo amene anaionera kale filimu yonse mosadumpha, ndipo pamenepa ndikugwirizana ndi Mayi Nangondo kotheratu.

Mbewe wa ku Ndirande

Pa ndewu ya Lee ndi Norris mwandikhutiritsa, Bambo Mphunzitsi, koma pa kulumpha kwa Chan sindisuntha, chifukwa mulibe nkhani m'masekondi ochepa amenewo, ndipo munthu amene sadziwa kuti wapolisi amene Chan akusewerayo akuthamangitsa ndani amagwirabe mpweya akaona. Chimene chimatigwira pamenepo ndi kudziwa kuti munthu weniweni anadziponya pamzati umenewo ndi thupi lake, ndipo zimenezi sizifuna ola la kukonzekera.

Kwa amene akufuna kuionanso ndewu ya ku Colosseum, mafoni a masiku ano amalola kuchepetsa liwiro la kanema, chinthu chimene ife tinkachilakalaka pa nthawi ya deki. Muichepetse liwiro kuyambira pamene Lee wadzuka pansi, ndipo muyang'ane mapazi ake m'malo mwa manja, chifukwa ndi kumapaziko kumene mungaone mmene akusinthira mtunda pakati pa iye ndi Norris, kumuyandikira pang'ono kuti Norris aponye mwendo, n'kubwerera m'mbuyo mwendowo usanamufike.