XRD sikuonetsa kusintha, nanga La0.7Ca0.3MnO3 ikusinthiranji?

Wa_ku_Chichiri:
Akuluakulu, ndithandizeni. La0.7Ca0.3MnO3 (msanganizo wa lanthanum, calcium, manganese ndi okosijeni) ikafunda kupitirira 250 K imakana magetsi, ikazizira imawapititsa ngati chitsulo. Koma Rietveld (njira yowerengera malo a ma atomu) ya XRD (kuunika sampulo ndi X-ray) ikuonetsa mitunda ya Mn–O (pakati pa manganese ndi okosijeni) yotsala pang'ono kufanana kaya yafunda kapena yazizira. Chikusintha n'chiyani kwenikweni?

NaPhiri_Fizikisi:
Achimwene, XRD imakupatsani avereji basi, siiona atomu iliyonse payokha. Mn3+ ili ndi elekitironi imodzi mu eg (malo ena okhalamo ma elekitironi), imene imapinditsa octahedron yake (ma okosijeni asanu ndi imodzi oizungulira): mu LaMnO3 yopanda calcium mitunda ndi 1.91, 1.97 ndi 2.18 Å. Ndiye Jahn-Teller ameneyo. Mn4+ sipindika, mitunda yake yonse ili cha m'ma 1.9 Å. Mukathira calcium, Mn3+ ina imasanduka Mn4+, ndiye zopindika ndi zosapindika zimasakanikirana popanda dongosolo, avereji n'kuzibisa. Kukafunda, elekitironi imakodwa m'dzenje lodzikumbira yokha, ndiyo polaron. Kukazizira ma spin (timaginito ta ma elekitironi) amaloza kumodzi, elekitironi imadumpha msanga kuchoka pa Mn kupita pa Mn inzake, kupindikako n'kufafanizika. Kudumphako ndi double exchange ya Zener ya 1951, koma Millis, Littlewood ndi Shraiman anaonetsa mu 1995 kuti payokha siikwanira kufotokoza resistivity (kukana magetsi) yaikulu chonchi.

Che_Limbe:
Zoona mayi. Kuti muone ndi maso mufunika PDF (pair distribution function) kapena EXAFS, njira zoyezera mitunda ya pakati pa ma atomu oyandikana. Billinge ndi anzake anaonetsa ma polaron amenewa ndi PDF ya ma neutron mu 1996. Musataye nthawi ndi makina a XRD a Cu Kα: Q (imene ikamakula mumaona bwino timitunda tating'ono) imathera cha pa 8 Å⁻¹, pomwe kulekanitsa 1.9 ndi 2.15 Å kumafuna 25 kapena kupitirira. Pa ma neutron nsonga ya Mn–O pa galafu ya PDF imaloza pansi, chifukwa scattering length (muyezo wa mmene atomu imamwazira ma neutron) ya Mn ndi negative. Musaiyese cholakwika.

Soche77K:
Musanafike kutali konseko, sampulo yanu ili bwanji? La2O3 yopangira sampuloyo imamwa chinyezi ndi CO2, makamaka dzinja la kuno ku Blantyre. Iwotcheni pa 900 °C, muiyeze pasikelo ikangozizira, apo ayi lanthanum imachepa ndipo Tc (kutentha kumene sampulo imasinthira, 250 K ija) imasuntha. Magetsi akathima ng'anjo ili pa 1300 °C, perani ufawo, muumbenso, muwotchenso mu mpweya, chifukwa okosijeni akaperewera Mn4+ imachepa. Poyeza resistivity lumikizani mawaya anayi ndi silver paint, osati awiri. Nsonga ya resistivity ikatuluka yotambalala komanso pansi pa Tc, kawirikawiri vuto ndi malire a timibulu ta sampulo yosapsa bwino.