Buku la kuchipatala la mayi linanyowa, pakompyuta akuti sakupezeka

Wobisa dzina: Abale ndithandizeni. Mayi anga amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi. Buku lawo la kuchipatala linanyowa denga litadontha, denga lomwe achimwene ali ku Joni analonjeza kalekale kuti adzakhoma malata, pano foni sayankha. Dzulo tinapita pa kabaza, ndalama yochita kubwereka kwa alamu omwe akundinena kale m'mudzi. Takhala pamzere kuyambira m'mamawa, kenako akuti kapepala komata pabuku sikakuwerengeka, dzina pakompyuta silikupezeka. Atipatsa mankhwala amtundu wina. Lero mayi akudandaula chizungulire. Ndipange bwanji?

Mjomba wa pa Boma: Ndimanena ine! Makompyuta amenewa ndi owerengera anthu basi. Mwezi ukamatha aliyense ali kalikiliki ndi malipoti a DHIS2 (pulogalamu ya pakompyuta yotolera ziwerengero za zipatala) opita ku Lilongwe, wodwala ali pabenchi. Magetsi akathima zonse zaima.

Mayi a Mapasa: Mankhwala a chiyani? BP, shuga kapena chiyani? Chizungulire si chodikira nacho ma komenti, bwererani nawo lero.

Wa ku Namwera: Nanunso achemwali, buku kulisiya poyera nyengo ya mvula? Ife timalikulunga mu pepala la shuga.

Kalaliki wa data: A Mjomba musasakanize. Malipoti a pamwezi a DHIS2 amanyamula ziwerengero, mayina mulibemo. Yosunga munthu payekha ndi ina, ngati ya kukiliniki ya ma ARV, yosindikiza timapepala tija. Kuno vuto limakhala kalembedwe: wina alemba Asiyatu, wina Asiatu, munthu mmodzi n'kukhala awiri. Apempheni afufuze ndi mudzi, chaka chobadwa ndi chitupa cha unzika. Ngati analembetsa chipatala china nenani, makompyuta ambiri salumikizana. Kaundula wa pamanja aliponso.

Mjomba wa pa Boma: Ndiye mwavomera nokha! Namwino alembe m'buku, alembe m'kaundula, alembenso pakompyuta, wodwala amuyang'ana nthawi yanji? Mumayeza kuti lipoti lafika pa nthawi yake, koma ndani amayeza ngati gogo wa ku Makanjira wachira?

Kalaliki wa data: Amene wasiya kubwera kudzatenga mankhwala timamudziwa ndi kompyuta yomweyo n'kumulondola kumudzi. Panadolo akatha si kompyuta yamwa.

Wa ku Monkey Bay: Ine nyanja itasefukira mabuku a ana atatu anapita onse, sikelo ndi katemera tinachita kukumbukira ndi alangizi a zaumoyo. Mpaka pano mbuzi zanga palibe wandilipira.

Dolo wa Kabaza: Tipatseni nambala ya a ku Joniwo tiwakumbutse za malata, mayi ndiwanyamula ulere 😂

Mayi a Mapasa: Tengani paketi yakale ndi yatsopano mukaonetse adokotala, nthawi zina mankhwala ndi omwewo, kampani ndiyo yasintha. Imbaninso ku Chipatala cha pa Foni, ndi ulere. Akapanda kukuthandizani, kuchipatala cha boma kuli ofesi ya ombudsman, yolandira madandaulo. Koma tiuzeni, amadwala chiyani?

Mjomba wa pa Boma: Ombudsman nayenso akalemba lipoti!

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Achimwene awerenga uthenga pa WhatsApp koma sanayankhebe. Paketi yakale ana anaseweretsa, ndikuifunafuna.