Andikana ntchito nditafika pa intaviyu, amayi ndiwauza bwanji?

Mwana_wa_Chitakale

Abale ndithandizeni maganizo mutu wanga sukuyenda. Ndili ndi zaka 26, dipuloma ya akaunti ndinamaliza 2022 koma chimalizireni ndangokhala pakhomo pano pa Chitakale. Mwezi watha esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje imafuna kalaliki wa ku sitolo, tinalemba mayeso anthu odzadza holo, ku intaviyu anaitana asanu ine ndili momwemo. Jekete ndinabwereka kwa alamu anga, ndalama ya fotokope ndi transipoti amayi anakatenga ku banki nkhonde K20,000 poti iwo amangodalira zitumbuwa pa msika. Lachiwiri ndikutchajitsa foni pa okala ya mnzanga meseji yalowa, akuti tathokoza koma simunachite mwayi. Lero Lachisanu sindinawauzebe. M'mawa uliwonse amandifunsa kuti ayimba? ine ndimangoti ayi sanayimbe, chonsecho anauza kale anzawo a ku Mvano kuti mwana wanga zake zayandikira. Nsima sikulowa, tulo kulibe, thirakitala ya tiyi ikamadutsa pamsewu mtima umachita kubaya. Inu amene munadutsamo munatani?

Nachisale_Luchenza

Mwanawe pepa kwambiri. Ine ndine mayi wa ana anayi ndiye ndikuuze monga kholo, mayi akowo akudziwa kale. Munthu amene amakuphikira akaona mbale ikubwerera ndi nsima masiku atatu safunanso meseji. Akufunsa kuti ayimba chifukwa akufuna ulankhule wekha. Wanga woyamba anandibisira mwezi wathunthu, amavala bwinobwino m'mawa nkumakakhala pa depoti pa Luchenza kuti ndiziona ngati akutsatira nkhani ya ntchito, ndinadzamva kwa mayi wina wogulitsa tomato ndipo chimene chinandiwawa nkumvera kwa anthu, za ntchitozo ayi. Komanso ganizira ngongole ija, ya banki nkhonde imabereka mwezi ndi mwezi, iwo akuwerengera kuti malipiro ako oyamba abweza. Auze usiku uno adziwe poyambira. Za a Mvano zisiye, aliyense wa iwo ali ndi mwana kapena mdzukulu amene wakhala pansi ndi mapepala ake.

Kabaza_Muloza

Amwene ine sindikunamizani ntchito zambiri dzina limakhala lilipo kale, enanu amangokuitanani kuti fayilo ioneke yodzadza. Ine anandikana kasanu ndi kamodzi mpaka ndinatopa, pano ndimanyamula anthu ndi katundu pa njinga yamoto pakati pa Limbuli ndi boda ya Muloza. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 kenaka kwacha nkugwa ndi 44% Novembala chaka chomwecho, aliyense akugwira pampando wake ndi manja awiri. Koma chimene ndinaphunzira nchakuti kukhala m'nyumba kumadwalitsa, thupi likatopa tulo timabwera tokha. Pezani kaganyu kalikonse ngakhale kowerengera munthu matumba a nandolo pa sikelo. Ndipo mvula ikagwa Disembala tiyi amachuluka, maesiteti amalemba anthu a sizoni, musanyoze zimenezo poti muli ndi dipuloma, kulowa nkulowa.

Bambo_wa_ku_Thunga

A Kabaza zimene mukunenazo zimachitika, sindikana, koma musamuuze mnyamatayu ngati kuti paliponse ndi choncho chifukwa mawa saapulayanso. Ine ndinagwira ntchito mu ofesi ya esiteti kuno ku Thyolo zaka 19 ndipo ndakhalapo pa tebulo lofunsa anthu kangapo konse. Pa anthu asanu nthawi zambiri atatu amakhala oti ntchitoyo angaigwire, koma mpando ndi umodzi, ndiye timakangana pa tinthu tating'ono. Wina anagwirapo bin card (kadi yolembapo katundu wolowa ndi wotuluka mu sitolo) ndi manja ake, wina anangoiwerenga m'buku. Ukamufunsa kuti feteleza wa m'buku ndi matumba 200 koma powerenga wapeza 194 utani, mmodzi amayamba kunjenjemera, wina amati ndiyang'ana kaye ma requisition onse (mapepala opemphera katundu ku sitolo) ndi zimene zinatuluka pa geti ndisanaloze munthu chala. Kusiyana kwake nkomweko basi.

Ndiye mwana wanga tenga kope lero lomwe ulembe mafunso onse amene anakufunsa usanaiwale, ndi mmene unayankhira, pamene unakakamira uikepo chizindikiro. Kenaka upite kwa a HR (ofesi yolemba anthu ntchito) mwaulemu, uthokoze, ufunse kuti ndinaperewera pati. Ena sayankha koma ena amayankha, ndipo nkhope imakumbukika. Ife mapepala a munthu wachiwiri sitinkataya, wosankhidwayo akalephera pa probation (nthawi yoyesedwa pa ntchito) kapena akapeza kwina tinkayamba kuyimbira ameneyo tisanalengezenso. Ndinalembapo mtsikana mwanjira imeneyi patatha miyezi inayi chimukanireni.

China chofunika, masiku ano ukakhala wosweka mtima chonchi ndi pamene akuba amakupeza. Wina akakuyimbira kuti tumiza kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba ndikukonzere malo, dula foni. Ntchito yeniyeni sagula.

Esnart_Bvumbwe

Achimwene ine chandikhudza ndi chakusadya ndi kusagonacho. Inenso zinandipeza atandikana ya uphunzitsi pa sukulu ina yapulaiveti, ndinatha sabata ziwiri chitseko chotseka. Musakhale nokha chonde, pezani munthu mmodzi womukhulupirira kaya abusa kaya mnzanu wa pa okala uja mumuuze zonse. Zikapitirira kapena maganizo oipa akayamba kubwera pitani ku chipatala cha boma mukafotokoze, anthu othandiza za maganizo aliko ndipo si zamanyazi.

Mwana_wa_Chitakale

Zikomo nonse ndawerenga mobwereza. Mayi a ku Luchenza munanena zoona. Ndawauza dzulo madzulo ali pa mkeka akusenda nthochi za zitumbuwa, mawu amachita kukana kutuluka, ndinangowapatsa foni ngakhale Chingerezi sawerenga. Sanaiyang'ane nkomwe, anati ndinadziwa Lachiwiri pomwe unasiya kalongonda m'mbale iwe amene umanyambita ndi poto yemwe. Analira pang'ono inenso ndinalira, kenaka anati samba m'manja undithandize kusenda. Ndadya, ndagonanso mpaka tambala wachiwiri. Ngongole ikufunika pa 28, tagwirizana kuti ine ndizitenga beseni lina kupita nalo pa siteji m'mawa iwo ali ku msika kuti ziziyenda mbali ziwiri. Jekete ndabweza kwa alamu, nawonso ndawauza.

Bambo a ku Thunga mafunso ndalemba akwana 11, ndipo la matumba osowa linalipodi, ndi pomwe ndinayankha zosokonekera. Ndifunse nawo, kwa a HR ndipite ndekha Lolemba kapena ndiyambe ndayimba foni? Pa geti paja alonda salowetsa munthu wopanda apointimenti.