Ogasiti kapena Januwale? Ulendo wa ku Disney World ndi ana atatu komanso apongozi

Amake Tadala

Abale anga, paja amati safunsa anadya phula. Pepani, funso langa likhala lalitali.

Takhala tikusunga ndalama zaka zitatu kuti tikawaonetse ana mapaki a zisangalalo a Walt Disney World ku Orlando, Florida. Tilipo anthu 6: ine, bambo a kunyumba, apongozi anga aakazi a zaka 68, ndi ana atatu. Tadala ali ndi zaka 9, akwanitsa 10 mu Okutobala. Chikondi ali ndi 6. Kamaliza ali ndi 2, akwanitsa 3 mu Novembala. Miyeziyi ndaitchula dala chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Kumeneko mwana wosakwana zaka 3 amalowa ulere, wa zaka 3 mpaka 9 amagula tikiti ya ana, ndipo akangokwanitsa 10 amamuwerengera ngati munthu wamkulu. Mpata woti tonse tichoke tili nawo kawiri kokha, sabata yomaliza ya Ogasiti kapena sabata yomaliza ya Januwale. Bambo awo akuti palibenso zokambirana, tipite mu Ogasiti kamalizayu asanayambe kulipira komanso Tadala akadali mwana. Anachita kundilembera masamu ake kuseri kwa envulopu n'kumata pa firiji.

Ine mtima uli ku Januwale, pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi apongozi. Mawondo amawavuta, ndipo kukatentha miyendo imatupa. Sadandaula, mayi amenewa, amangokhala chete n'kuyamba kutsalira m'mbuyo. Chachiwiri ndi Chikondi. Mwanayu chaka chonse nyimbo yake ndi chokwera chotchedwa Space Mountain, ndipo kuti munthu akwere amafunika kutalika masentimita 112. Dzulo usiku ndinamuimika pa chitseko, buku pamutu, n'kulemba kamzere ndi pensulo. Tepi inati 110. Anandiyang'ana n'kuti amayi mwalakwitsa, yezaninso. Kachiwiriko ndinamupeza akunyanyamphira, zidendene zili m'mwamba. Tili mu Meyi, kodi pofika Ogasiti masentimita awiriwo adzakhala atakwana?

China, bambo akufuna mapaki onse anayi m'masiku anayi otsatizana, Magic Kingdom, EPCOT, Hollywood Studios ndi Animal Kingdom, kenako tsiku lachisanu ku Universal, mapaki ena a ku Orlando komweko. Tigona mausiku 6. Ine ndikuona ngati ndi zija za ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma mwina ndi mantha anga chabe. Komanso sitikudziwa kuti tigone m'mahotela a Disney kapena kunja. Amene munapitako, ndithandizeni.

NaBanda

Achemwali, ine ndinapitako kawiri, ulendo umodzi unali wa mu Ogasiti womwewo, ndiye ndikuuzeni mosabisa. Kutentha kwa Florida mwezi umenewo sikumene mukukuganiza. Masana kumapitirira madigiri 32, koma vuto lenileni ndi chinyontho cha mumpweya. Umatuluka m'bafa 7 koloko, pofika pa geti malaya amata kale kumsana, ndipo thukuta siliuma. Kenako cha m'ma 3 kumwamba kumada, mabingu, mvula ya mkokomo. Nthawi zambiri imadutsa msanga, koma kukakhala ziphaliwali zokwera zonse za panja amaimitsa, ndiye gulu lonse limathamangira ku zokwera za m'nyumba, mizere n'kutalika. Onjezerani kuti nyengo ya anamondwe kumeneko imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo kumapeto kwa Ogasiti ndi Seputembala ndi pachimake penipeni.

Ubwino wake ulipo. Sukulu za ku Florida zimakhala zitatsegulira, anthu amachepako. Koma ine mayi anga a zaka 68 sindingawatengere kumeneko mwezi umenewo.

Masamu a pa firijiwo awaonenso. Pakati pa tikiti ya mwana ndi ya wamkulu pamangosiyana madola ochepa patsiku, ndiye za Tadala zichotseni pa mkangano. Ndalama yeniyeni ndi tikiti ya kamalizayo basi.

Bambo a Chisomo

Ine ndiikira kumbuyo bambo mnzanga. Tikiti ya tsiku limodzi imapitirira madola 100, ndiye kamaliza kulowa ulere masiku anayi si ndalama yoseweretsa. Ndipo mayi NaBanda mwaiwala zakudya. M'malo odyera aja odzitengera wekha, mwana wa zaka 10 amalipira mtengo wa wamkulu ngakhale adye kabanzi kamodzi, pomwe wosakwana 3 amadya nawo m'mbale ya makolo osalipira. Kutentha kuli ndi mankhwala ake. Ife tinkalawirira geti isanatsegulidwe, 12 koloko tabwerera ku hotela, ana asambira, agona, 5 koloko tabwereranso mpaka makombola a usiku. Palibe anakomoka.

NaBanda

Bambo a Chisomo, munali ndi agogo a mawondo otupa? Kubwerera ku hotela masana ndiye kuti ulendo wa pa geti mukuuyenda kanayi pa tsiku. Za malo odyerawo ndavomera, koma palibe amawakakamiza kudya kumeneko. Chakudya chanu amalola kulowa nacho bola chisakhale m'mabotolo agalasi, ndipo madzi ozizira a m'kapu amapereka ulere pa malo ogulitsira zakudya zachangu.

Mai Tiya

Ndikutsatira nawo, ifenso tikuganiza za chaka chamawa.

Achimwene Joe

Ngati apongozi akuvuta asiyeni, ine mawondo anga ndi abwinobwino ndipo sindidya zambiri 😂

Anti Grace

Za kutalika ndiyankhe ine, chifukwa ndinalira nazo. Choyamba, munamuyeza atavala nsapato? Kumeneko amayeza mwana ali ndi nsapato zake.

Amake Tadala

Anti, 110 imeneyo ndi ya nsapato kale, zothamangira zomwe adzavale.

Anti Grace

Ndiye Ogasiti ndi juga, mwana wanga. Mwana wa msinkhu umenewo amatalika masentimita 5 kapena 6 pa chaka. Miyezi itatu ikupatsani sentimita imodzi ndi theka, mwina. Pa khomo la chokwera chilichonse chachikulu pali ndodo yokhala ndi kathabwa kopingasa pamwamba. Mutu ukapanda kugunda kathabwako, palibe kuchonderera, ndipo nthawi zina amayezanso kachiwiri pamene mukukwerera. Mdzukulu wanga anaperewera pang'ono kwambiri, pepala likanatha kudutsa pakati pa tsitsi ndi thabwa. Mtsikana wa pa khomopo anagwada n'kumulankhula bwinobwino, koma mwana anakhala pansi pomwepo n'kuvula nsapato, kuti sayendanso. Vuto linali lathu, tinamulonjeza tili kunyumba tisanamuyeze. Ndipo musayerekeze zoika mapepala mu nsapato. Malirewo anaikidwa chifukwa chitsulo chomugwira pa mpando chinapangidwira thupi la msinkhu umenewo.

Dziwaninso kuti 112 si ya Space Mountain yokha. Expedition Everest ndi Flight of Passage ku Animal Kingdom nazonso ndi 112. Ndiye mukadikira Januwale mwamutsegulira zitatu zikuluzikulu. Ndi 110 yake ya panopa akhoza kukwera Seven Dwarfs Mine Train ndi Slinky Dog Dash za 97, Soarin' ya 102, ngakhale Cosmic Rewind ya ku EPCOT ya 107. TRON ndi 122, imeneyo muuzeni kale kuti ndi ya Tadala yekha.

Pa kamalizayo funsani Rider Switch pa khomo. Mmodzi amatsala ndi mwana, enawo akatsika iye amalowa osayambiranso mzere wonse.

Che Yusufu

Gonani m'kati mwa Disney, amakutengani ulere pa basi kuchokera pa bwalo la ndege komanso FastPass ndi yaulere.

NaBanda

Che Yusufu munapita liti? Basi ya pa bwalo la ndege ija, Magical Express, inatha kumayambiriro kwa 2022. FastPass yaulere inalowedwa m'malo mu 2021. Panopa kudumpha mzere kumatchedwa Lightning Lane ndipo n'kolipira, munthu aliyense tsiku lililonse. Tisawasocheretse anzathu.

Che Yusufu

2018. Pepani, zinthu zasintha.

Bambo Mavuto

Za malo ogona, werengani mitu kaye musanayang'ane mtengo. Zipinda wamba za m'mahotela otsika mtengo a Disney, monga Pop Century ndi ma All-Star, zimalola anthu anayi ndi khanda limodzi lowonjezera losakwana zaka 3. Inu simukwanamo. Mu Ogasiti mungalowe m'chipinda cha anthu asanu ku Caribbean Beach kapena Port Orleans Riverside, kamaliza n'kugona m'kabedi ka khanda, bedi lachisanulo ndi laling'ono la mwana. Mu Januwale kamaliza awerengedwa ngati munthu, mukhala 6, ndiye mukufunika zipinda ziwiri kapena zipinda za banja za ku Art of Animation kapena All-Star Music. Apa bambo a kunyumba apezanso mfundo ina, pepani mayi.

Koma kunena zoona, akuluakulu atatu, mmodzi mpongozi, chipinda chimodzi ndi bafa imodzi kwa mausiku 6? Zipinda za banjazo zili ndi mabafa awiri. Ine ndingalipire bafa yachiwiriyo ngakhale mu Ogasiti.

Kugona m'kati kumakupatsani kulowa mphindi 30 anthu ena asanalowe, kusankha Lightning Lane masiku 7 musanafike pomwe a kunja ndi masiku 3, ndi mayendedwe aulere. Chomwe anthu satchula n'chakuti basi ya Disney imakutsitsani pafupi ndi geti ya Magic Kingdom. Mukabwera pa galimoto yanu mumaimika kutsidya kwa nyanja, ku Transportation and Ticket Center, kenako sitima ya monorail kapena boti. Ndi chikuku cha mwana ndi agogo, usiku makombola atatha, imeneyo ndi ntchito. Ife tinagona kunja pa hotela ina yomwe inalemba kuti ili ndi basi yaulere. Basiyo inali imodzi m'mawa, imodzi usiku. Tsiku lachiwiri tinaiphonya, tinathera pa matakisi sabata yonse.

Gogo NaMwale

Ndawerenga zonsezi. Mwawerengera tikiti, mwayeza mwana, mwawerenga mabafa. Koma mayi mnzangayo mwamufunsa? Ine ndili ndi zaka 71, ana anga ananditengera kumeneko. Malo aja ndi aakulu ngati mzinda, maekala pafupifupi 25,000, ndipo kuzungulira nyanja ya ku EPCOT kokha ndi mtunda wa pafupifupi makilomita awiri. Tsiku loyamba ndinakana njinga yamagetsi ija ya okalamba, ndinati ine si wodwala. Tsiku lachiwiri ndinalephera kudzuka. Lachitatu ndinaikwera, ndinali ine patsogolo adzukulu akundithamangira.

Za pa geti amabwereketsa koma sutuluka nazo m'paki, pomwe kuyenda kwambiri kuli pa hotela ndi pokwerera basi. Bwerekani ku makampani a kunja ya sabata yonse, mabasi ali ndi pokwezera. Ndipo musamamuuze kuti ndi chifukwa cha mawondo, atha kukana. Muuzeni kuti mukufuna poika zikwama.

Mapaki anayi motsatizana ayi. Awiri, kupuma tsiku limodzi, awiri. Universal ndi kampani ina, matikiti ena, ndipo zokwera zake zambiri zotchuka ndi za ana akuluakulu. Bambowo akaifuna apite ndi Tadala awiriwiri pa tsiku lopumalo.

Mai Tiya

Gogo mwandiphunzitsa, zikwama 😂

Anti Grace

Mukasankha Januwale tengani majuzi. Masana kumakhala bwino, cha m'ma 21 kapena 22, koma m'mawa ndi usiku kumazizira ndithu, ana sangasambire tsiku lililonse. Sabata yomalizayo ndi yabwino chifukwa mpikisano wothamanga wa kumayambiriro kwa mwezi ndi tchuthi cha Martin Luther King zimakhala zitadutsa. Koma ndi mwezi umene amakonda kukonza zinthu. Skyliner, timabokosi tam'mwamba tija tochokera ku Art of Animation kupita ku EPCOT ndi Hollywood Studios, zaka zingapo yakhala ikutsekedwa kwa masiku angapo mu Januwale. Onani masiku ake musanalipire hotela chifukwa cha iyo.

Amake Tadala

Zikomo nonse, sindinayembekezere. Gogo NaMwale mwandichititsa manyazi, zoona sitinawafunse. Ndawafunsa madzulo ano tikutsuka mbale. Anayamba ndi zoti inu ana pangani zomwe zili zotchipa. Nditawawerengera za NaBanda za malaya omata kumsana anakhala chete, kenako anati iwo akufuna zinthu ziwiri zokha, kuona nyama pa galimoto ija ya Kilimanjaro Safaris ndi makombola a pa nyumba yachifumu, zinazo adzasunga kamaliza pa mthunzi. Za njinga ndawauza za zikwama. Andiyang'ana n'kuseka, ati ukuyesa ndine mwana, koma sanakane.

Bambo awo awerenga okha zonsezi pa foni yanga. Universal aisiya, ati mwina apita ndi Tadala. Envulopu ija aichotsa pa firiji n'kulembanso ina, tikiti ya kamaliza ndi chipinda cha anthu 6 mbali imodzi, mbali inayo sanalembe kanthu. Sananene kuti Januwale, koma andifunsa ngati majuzi a ana akuwakwanabe.

Bambo Mavuto, pakati pa Art of Animation ndi All-Star Music, Skyliner itakhala yotseka sabata imeneyo, pali chifukwa cholipirira yodulayo? Komanso malo odyera aja ofunika kusungitsa masiku 60 zisanachitike, alipo amodzi oti n'kupitako ndi apongozi tsiku lomaliza?

Bambo Mavuto

Skyliner ikatseka amaika mabasi, ndiye kusiyana kumachepa, ine ndingatenge All-Star Music. Za malo odyera dikirani ndifunse mayi a kunyumba, ndi amene anasungitsa. Ingokumbukirani kuti mukakhala 6 pa tebulo amawonjezera okha 18 peresenti ya operekera zakudya pa bilu, musaperekenso kawiri ngati ine.