Kodi "kunyanya" ndi mau oyamikira kapena odandaula?

Mtengwa wa ku Joni:
Abale ndithandizeni. Ine ndinakulira ku Johannesburg, Chichewa ndimayankhula ndithu koma zina zimandidutsa. Sabata yatha tinali kwa apongozi anga ku Dedza, anatiphikira nkhwani wotendera ndi nsima ya mgaiwa, zokoma zosasimbika, ndiye ine mwachisangalalo nkunena kuti "amayi mwanyanya kuphika". Anangoti zii, kenako nkundifunsa ngati mchere wachuluka. Mpaka lero mtima ukundiwawa, ndinalakwitsa pati?

Mphunzitsi wopuma:
Pepani mayi. Kunyanya ndi kupyola muyeso inde, koma kupyola kwake ndi kuja kopweteka, kotopetsa. Timati dzuwa lanyanya, fetereza wanyanya kudula, mwana uyu wanyanya mwano. Mu March 2023 nthawi ya namondwe Freddy, matope atatsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe, mau omwe anali pakamwa pa aliyense anali oti mvulayi yanyanya, ndipo palibe ankaitamanda mvulayo. Ndiye munthu wamkulu ukamuuza kuti mwanyanya iye amamva kuti penapake waphonya, nchifukwa chake anathamangira ku mchere. Mukanangoti "amayi mumaphika bwino zedi" kapena "ndiwo ngati izi sindinadyepo", akanasekerera tsiku lonse. Pofuna kutamanda tili ndi kuposa ndi kupambana.

Mfana wa pa Ndirande:
Aphunzitsi zoona koma osati zonse. Ife mtauni muno timatha kumuuza mnzathu kuti aise lero wanyanya kutchena, kapena kuti waonjeza, ndipo amadziwa kuti tikumupopa osati kumunyoza, zimatengera mmene wakwezera mau komanso kaseko kako. Koma izo nza pa gulu la ma guys, kwa apongozi ayi ndithu, kumeneko mau amasankhidwa ngati mpunga wopeta.

Anambewe:
Ine ndingoonjezerapo kuti musasokoneze ndi kunyanyala, uko nkukana mokwiya, monga ogwira ntchito akanyanyala ntchito. Ndinakhalako ku Harare, a Chishona nawo amati zvanyanya zinthu zikafika poipa, chimodzimodzi ife. Achemwali musadandaule kwambiri, apongozi amadziwa mtima wa mtengwa wao. Mukapitanso mukadye, mukapemphe zoonjezera, akamva okha.

Mtengwa wa ku Joni:
Zikomo nonse. Ndiwaimbira madzulo ano ndiwauze kuti nkhwani uja ndikumukumbukirabe, ndipo ulendo wina andiphunzitse mmene amathirira nsinjiro.