Kachitsulo kobayapo zipatso za mbalame: ndigule kapena ayi?

NaBanda wa ku 47: Abale, pa Facebook akugulitsa kachitsulo kokoloweka pamtengo, kali ndi misomali yobayapo papaya kapena nthochi kuti mbalame zizitera pakhomo. Akuti K18,000. Ana anga amakonda kuonerera mbalame. Ndigule?

Che Jafali: Musayerekeze mayi. Ine mnyamata wina anandigulitsa K25,000, ati nchochokera ku Joni, sichichita dzimbiri. Mvula itangoyamba chonse chinafiira, waya wake n'kuduka. Pano foni sakuyankha. Mbava zenizeni!

Make Chisomo: 25 pa chimenechi? Ku Limbe ndinachiona pa 9 sauzande.

Che Jafali: Chimenecho ndi china.

Gondwe: Vuto mumathamangira zotchipa. Changa anandibweretsera mwana wanga kuchokera ku Cape Town, chathabwa, chadenga lake. M'mawa apumbwa amachita kulimbirana, ndipo tsiku lina kunatera nkhulukulu, mapiko ofiira aja psuu. Alendo onse amayamba afunsa za chimenechi.

Mlimi wa ku Bunda: A Gondwe, pumbwa sadziwa za Cape Town. Khomani msomali wa 4 inchi panthambi, dulani papaya lakupsa pakati, bayanipo. Basi. Koma dziwani kuti mpheta ndi njiwa sizibwerera zipatso, zimafuna mapira kapena misere. Ndipo peyala musaikepo, limapha mbalame zambiri. Chotsala madzulo muzichotsa, kutentha kwa Okutobalaku chimasasa msanga, ndiye kumadzaza ntchentche ndi nyerere.

Make Chisomo: Papaya lake mwaliona mtengo pamsika? Ana adye chiyani?

Aunt Fanny, Zomba: Kuno zosatheka. Ndinakoloweka nthochi, apusi anatsika n'kunyamula ndi mbale yomwe. Chimene chimandithandiza ndi madzi. Kaphale kosweka pamthunzi, mbalame zimabwera kudzasamba chilimwe chonse, osalipira kanthu. Muzingosintha madziwo kuopa udzudzu.

Gondwe: Phale pakapinga panga? Ayi ndithu.

Dalitso: Nanga ana a malegeni a m'dera lanulo mwawaganizira? Mukhala mukuwasonkhanitsira ndiwo pamalo amodzi. Amphakanso ali pomwepo. Mukagula mukoloweke pamwamba, kutali ndi mpanda.

NaBanda wa ku 47: Ndiye ndigule kapena ndisagule? Wogulitsayo watsitsa, akuti 15.

Che Jafali: Mufunseni kaye ngati si yemwe uja wa njinga yamoto yofiira.