Thandizeni: tikafika bwanji ku Greccio pa Khirisimasi popanda galimoto?

Moni nonse abale ndi alongo, makamaka inu amene mwakhalitsa ku Italy kuno.

Mayi anga abwera kudzandiona kuno ku Rome, ndipo pempho lawo ndi limodzi lokha: kukaona Greccio. Ndi kamudzi ka m'mapiri pafupi ndi Rieti, komwe Francis Woyera wa ku Assisi anakonza khola la Khirisimasi m'chaka cha 1223, ataikamo ng'ombe ndi bulu zamoyo. Mayiwo akhala akukonza khola kutchalitchi kwathu kwa zaka zambiri, ndiye sindikufuna abwerere kumudzi osapondako.

Chandiimitsa mutu ndi mayendedwe. Galimoto ndilibe. Ndapeza kuti basi yochoka ku Rome imafika ku Rieti, koma za kuchoka pamenepo masiku a tchuthi sindikuzimvetsa. Sitima yodzera ku Terni imatsitsa anthu kumunsi, m'chigwa, pomwe nyumba ya ansembe a Franciscan ili pamwamba, yomangidwa m'thanthwe. Mayi ali ndi zaka 68, maondo amawavuta, ndipo kuzizira kwa kuno sanakuzolowere. Chitunda chimenecho sangachikwere.

Ndaimba ku malo ogona awiri. Ena akuti adzaza, ena sakuyankha n'komwe. Chitaliyana changanso n'chongoyambira.

Tikufuna kukaonera sewero la kubadwa kwa Yesu limene anthu a m'mudzimo amachita, pa 24 kapena 26 Disembala. Alipo amene anapitako nthawi imeneyi? Takisi yochoka ku Rieti imapezeka usiku, ndipo amalipiritsa zingati? Nanga ndibwino tikagone ku Rieti komweko?

Zikomo kwambiri.